Wotchi Imene Inabwerera M'poto

Banja lathu ndi la anthu okwecha. Bambo anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ukalaliki pa mgodi, ndipo m'sutikesi mwawo munali Baibulo ndi burashi ya nsapato. Amayi anadzawonjezera polishi wofiira wa pakhonde. Tinakulira kuno ku Kitwe, m'nyumba ya ku komboni ya Buchi imene khonde lake linagwetsapo abusa awiri ndi munthu wowerenga mita ya madzi. Mzimu umenewu unatigwira tonse, koma unakhazikika mwa achemwali anga aakulu. Iwo chinthu chosawala amachiyesa chodwala. Mapoto amawakwecha ndi sitiliwulu ndi mchenga wosefa, kenaka amawayala padzuwa moyang'ana kumsewu, kuti odutsa adziwe kuti pano pamakhala Akhristu.

Ine ndinatsata bambo. Ndine kalaliki pa sitolo ya zitsulo m'tauni ya Kitwe, ndinenso mkulu wa mpingo. Timabodza ting'onoting'ono ndili nato monga aliyense. Lalikulu ndinanena limodzi, tsiku Lamulungu, ndisanavule jekete la kutchalitchi.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anapeza mwamuna wachibemba wa ku Parklands, kumayadi, injiniya pa mgodi. Mnyamatayo analibe vuto. Amayi ake ndiwo anali nkhani. Uhedi wa sukulu anapuma, koma kuchonga anthu sanapume. Atamva kuti mtsikana ndi wa ku Buchi, anafunsa ngati galimoto imafikako. Atamva kuti makolo athu anachokera ku Malawi, anati zili bwino, anthu amenewo amadziwa kusita. Mawuwa anadutsa m'makutu atatu asanatipeze, koma anafika osaphwanyika, ndipo mwana wanga anawamva. Ndinangoona kuti wayamba kudzitsekera kuchipinda, kuyeserera kagwadidwe ka Chibemba. Iye ndiye ankakalowa m'banja limenelo, ndipo dzina lililonse limene ife tikanadzipangira, wokalisenza anali iyeyo.

Patatsala milungu itatu kuti ukwati uchitike, tinachita chilanga mulilo. Ndi mwambo wa Abemba, koma kuno ku migodi aliyense amauchita. Akuchikazi amaphika zakudya zamitundumitundu, nazisenza m'mapoto omanga m'nsalu, ng'oma ndi nyimbo zili patsogolo, kukaonetsa mkamwini zimene azidya. Bambo wa mtsikana sapita nawo. Ine ndinatsala kulondera mipando, ndipo za ku Parklands ndinamva kwa mkazi wanga. Mkamwini anamukhazika pabalaza. Mlangizi anagwada ndi beseni kuti amusambitse m'manja monga mwa mwambo, mnyamatayo n'kuvula wotchi, n'kuiika pa chivundikiro chimene chinali chagada pafupi naye. Ng'oma zinakolera, amayi anavina, zakudya zinakhuthulidwira m'mbale za eni nyumba. Posonkhanitsa ziwiya, wina anatembenuza chivundikiro chija pamwamba pa poto wake osayang'ana. Anali poto wa nkhuku, wa achemwali.

Pamwambo umenewu mapoto sabwerera opanda kanthu. Akuchimuna amaponyamo kangachepe kothokoza. Choncho achemwali atavundukula poto wawo m'mawa mwake n'kupeza wotchi m'mafuta a nkhuku, sanadabwe. Anaganiza kuti mkamwini wapereka mphatso kwa apongozi ake aamuna, ndipo wachita bwino, kungoti wapereka yakale.

Anabwera nayo kwathu titaweruka kutchalitchi, ataikulunga m'kansalu koyera.

"Achimwene, mwana uja ali ndi ulemu. Wakupatsani wotchi. Inali mbuu ngati miyendo ya mwana wosadzola, koma ndakukonzerani."

Ndinafunyulula kansalu. Wotchiyo inali yolemera m'dzanja. Lamba wake anali wachitsulo, wa mizere itatu ya timfundo tolumikizana. Achemwali si munthu wopusa. Anadziwa kuti wotchi siyanjana ndi madzi, ndiye nkhope yake anaikulunga m'pulasitiki n'kuifumbata. Lamba yekha ndiye analandira chilango. Anamukwecha ndi sitiliwulu ndi mchenga, mozungulira, monga amachitira pansi pa poto. Padzuwa ankawala ndithu. Koma ukamuyandikiza kumaso unkaona timizere tozungulira tosawerengeka, ngati pa supuni ya kuchipatala.

Mwana wanga anaiona akuchokera kukhitchini, n'kukhala pansi pomwepo. Anatiuza motsitsa mawu kuti si mphatso. Bwenzi lake anaigula kunja atamaliza maphunziro, amaivula ngakhale potsegula geti, ndipo mtengo wake ungagule galimoto yoyenda. Anatinso umbuu uja silinali litsiro. Mizere iwiri ya m'mbali amaipanga yosawala dala, wapakati wokha ndiwo umakhala ngati galasi. Achemwali anati palibe munthu wa mutu wabwino angalipire kuti chinthu chikhale chosawala. Mwanayo anangoti, "Azakhali," n'kulowa kuchipinda.

Foni inalira masana omwewo, cha m'ma fifitini awazi. Anali nkhoswe ya kuchimuna, imene Abemba amati shibukombe, bambo waulemu kwambiri amene amayamba nkhani iliyonse ndi nyengo. Anafunsa za mvula, za miyendo ya amayi amene anavina, za kukoma kwa chikanda chathu. Potsiriza anati wotchi ya mnyamata sikuoneka kuyambira nthawi yosamba m'manja. Palibe amene akulozedwa chala, anatero kawiri. Kungoti amayi a mnyamata atenga pepala, ndipo ayamba kulemba amayi onse amene analowa pabalaza.

Ndinaona njira ziwiri. Kuibweza tsiku lomwelo, mwana wanga n'kukhala moyo wake wonse mwana wa anthu amene anakwecha wotchi ngati poto. Nkhani yotere siifa, imanenedwa pa ukwati uliwonse ndi pamaliro pomwe. Kapena kukhala chete mpaka itakonzedwa, n'kukhala akuba. Ndipo apa panali powawa pena. Ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chibale cha chipongwe, chimene kuno timati chimbuya. Iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani ndiponso ndi akuba. Zaka zonsezi ndakhala ndikugwira thumba langa mwadala Mbemba akalowa mu ofesi. Tsopano wotchi yawo inali pa tebulo langa.

"Wotchi ili kuno, ndipo ili bwino," ndinatero m'Chibemba. "Sinasochere. Ndi mwambo wa kwathu. Chinthu cha mkamwini chikalowa m'poto wa azakhali, chimagona kuchikazi masiku asanu. Chimabwerera m'poto momwemo, pamodzi ndi nkhuku."

Shibukombe anapepesa kuti sanadziwe, nati akafotokoza bwinobwino. Anafunsa ngati akuchimuna ali ndi choti achite. Ndinati ayi, angodikira mwaulemu mpaka Lachisanu. Ku Malawi ndinapitako kawiri moyo wanga wonse, ndipo maulendo onse awiri anali a kumaliro. Mkazi wanga anamva zonse ataima pakhomo la khitchini. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati nkhukuyo ikhale yoyera kapena yakuda, popeza mwini mwambo ndine.

Lolemba ndinapempha tchuthi, n'kuyenda Kitwe yense wotchi ili m'thumba la m'kati, nditalitseka ndi pini. Okonza mawotchi a pamsika ntchito yawo ndi kusintha mabatire. Mmodzi anafuna kuiviika m'madzi ena ake a m'botolo lopanda dzina. Wina anati tingotaya lambayo, ali ndi wofanana naye, ndipo anatulutsa chinthu chopepuka ngati chitini cha nsomba. Pa sitolo ya ndolo ndi mphete anati angaitumize kunja, ibwere patatha milungu sikisi. Amene anandithandiza ndi mlonda wa sitoloyo. Ananditsatira panja n'kundiuza za mkulu wina wa ku Kawama, ku Ndola, amene anagwira ntchito imeneyi zaka zambiri kuseri kwa sitolo ya azungu isanasanduke yogulitsa mafoni.

Lachiwiri ndinakwera minibasi yoyamba. Mkuluyo ndinamupeza pakhonde, akumwa tiyi amene theka lake linkathera m'sosala, chifukwa manja ake ankanjenjemera. Anali Mbemba. Nditangopereka moni anamva lilime langa, n'kufunsa ngati mbewa zatha ku Kitwe kuti ndizidzazisaka kuno. Ndinamuuza kuti chikwama ndachisiya kunyumba nditamva mtundu wake. Anasangalala, n'kundipatsa mpando.

Anaika kagalasi pa diso limodzi, nayang'ana lambayo kuchokera kumutu mpaka kumchira. Anayamba kuseka mpaka kutsokomola. Anafunsa amene anachita, ndinati achemwali anga. Anafunsa kuti ndi chiyani, ndinati sitiliwulu ndi mchenga.

"Mchenga wosefa," anatero. "Ndikuona. Munthu waukhondo."

Anandiuza kuti maso akadali nawo koma manja anatha, choncho manja akhala anga. Anandionetsa tizipini tiwiri timene timagwira lamba ku wotchi, ndipo nditamuchotsa, wotchi yeniyeniyo ndinaibwezera m'thumba la pini. Lamba tinamutsuka ndi sopo ndi mswachi wakale. Munatuluka mchenga, mafuta a nkhuku, ndi litsiro lakuda la zaka zambiri la mkamwini wanga, limene ngakhale achemwali sanalifikire. Zimenezi zinanditonthoza pang'ono.

Kenaka anandiphunzitsa chinthu chimene sindinachiganizirepo. Anati pokalika sipachotsedwa. Munthu amatsitsa chitsulo chonse chozungulira mpaka chilingane ndi pansi pa pokalikapo. Ndiye kupukuta kulikonse ndi kudya wotchi, ndipo wopupuluma amabweza wotchi yoonda. Anandigwiritsa chala m'mphepete mwa kamfundo kamodzi kuti ndimve kuthwa kwake. Anati makona amenewa akabulungira, ngakhale mwana adziwa kuti pachitika ngozi.

Tinamata tepi pa mizere iwiri ya m'mbali, n'kusiya wapakati poyera. Anandidulitsa sandipepa m'timizere, n'kumata pa kamtengo kosalala. Analipo wa mitundu inayi, woyamba wokhakhala pang'ono, wotsiriza wosalala ngati pepala la m'Baibulo. Aliyense ntchito yake ndi kufufuta mapazi a mnzake. Unkanyowetsa, kukhula kamfundo kamodzi, kupukuta, kuyang'ana, kupita pa kena. Timfundo tinalipo twente-thuu. Mkuluyo anakhala pambali panga ndi ndodo yake, ndipo ndikapendeketsa kamtengo ankandigogoda pa bondo. Ndivomere kuti ntchitoyo ndinaikonda. Ndi ukalaliki womwewo, kuchita chinthu chimodzi kambirimbiri popanda wokuthokoza.

Lachitatu magetsi anayaka m'mawa, cha m'ma teni awazi. Mkuluyo anali ndi kagudumu ka nsalu, kozungulira ndi injini ya makina ochapira akale. Ankapakako chinthu chobiriwira chonga sopo wouma, ine n'kumagunditsa lamba pang'onopang'ono, chifukwa chitsulo chimatentha msanga. Pofika masana mzere wapakati unali galasi. Ndinaona mphuno yanga katwente-thuu.

Tinachotsa tepi, n'kumata yatsopano pakati, ndipo mizere ya m'mbali ndinaisalaza ndi sandipepa. Inatsala ntchito yobwezera umbuu uja. Mkuluyo anatsegula kabati ndi kiyi wa m'khosi, n'kutulutsa chida chake chachinsinsi. Kanali kasiponji kobiriwira kotsukira mbale, kofanana ndi kamene kali pa sinki ya nyumba iliyonse ku Buchi. Ndinayesa chimbuya chikupitirira. Iye anati mabwana anamulipira zaka makumi atatu osadziwa kuti mawotchi awo amathera pa kanthu kameneka.

Lamulo lake linali lalifupi. Lamba agone chowongoka pa thabwa. Ukoke kasiponji kuchokera kumapeto kufika kumapeto, kamodzi, molemera mofanana, osaima, osabwerera. Unyamule dzanja, uyambenso. Anandipatsa masupuni akale kuti ndiyeserere pa zigwiriro zake. Ndinawononga masupuni seveni. Mizere yanga inkakhota, ndipo ndinkaima pakati kuti ndione ngati ndikuchita bwino. Poima paliponse pankatsala chidindo.

"Inu ndinu munthu wofunsa kawiri," anatero mkuluyo. "Ntchito iyi ndi ya munthu amene sanakayikepo chibadwire." Anakhala akuganiza, kenaka anati dzulo, poyang'ana ndi kagalasi, anaona kuti timizere tozungulira tija tinali takuya mofanana kuyambira kamfundo koyamba mpaka kotsiriza. "Dzanja limene linawononga lamba uyu ndi labwino. Mutu ndiwo unalakwa. Mubwere nalo mawa."

Achemwali anali asanapepese. Kuyambira Lamulungu anadzitsekera kwawo, akukwecha zinthu zokwechakwecha kale. Ndinapitako dzuwa lisanalowe, ndipo mwana wanga ananditsatira osaitanidwa. Nditafotokoza, achemwali anati sangapite ku Ndola kuti wodya anyani akawaphunzitse kutsuka. Anatinso wolakwa ndi amene amavula wotchi pa chivundikiro cha eni ake, wachiwiri ndi amene anapanga lamba wooneka wakuda, wachitatu ndi ine pokhala mkulu wa mpingo wabodza.

Mwana wanga anagwada pakhonde lofiira lija, kagwadidwe komwe ankayeserera kuchipinda.

"Azakhali, wokakhala kumeneko ndine."

Achemwali anayang'ana kumbali. Patapita kanthawi anamuuza kuti adzuke, adetsa diresi ndi polishi. Kenaka anandifunsa nthawi ya minibasi yoyamba, ndiponso ngati nyumba ya munthuyo ndi yosesa.

Lachinayi ndi tsiku la amayi a chigwirizano, ndipo achemwali anali asanajombepo chimwalirire amuna awo. Anavalabe bulauzi yoyera ndi duku, kuti a pa siteshoni aziyesa akukazonda odwala. Titafika ku Kawama anaima pageti, n'kuyang'ana khonde la mkuluyo monga dokotala ayang'anira chilonda chonyalanyazidwa. Anamufunsa chaka chimene linaonana ndi polishi. Iye anafunsa ngati awa ndi amayi amene anaphika wotchi, ndipo ngati inapsa. Achemwali anati ikanakhala nyani bwenzi atamubweretsera msuzi. Ndinadziwa kuti agwirizana.

Pa supuni yoyamba dzanja linapita kwawo, linazungulira. Mkuluyo anawagogoda pa bondo ndi ndodo, monga ankachitira ndi ine. Achemwali anaika kasiponji pansi.

"Mukandikhudzanso ndi ndodo imeneyo, ndikukwechani inuyo. Mukufunikira."

Ndodo inabwerera pakhoma. Supuni yachiwiri inakhota pang'ono kumapeto. Yachitatu mkuluyo anainyamula, anaipendeketsa padzuwa, anaiyang'ana ndi kagalasi, kenaka anangokankhira thabwa la lamba patsogolo pawo.

Achemwali anapinda manja a bulauzi. Anaika kasiponji kumapeto, n'kukoka. Fwaa. Ananyamula dzanja, n'kuyambanso. Sankayang'ana ngati akuchita bwino, ankadziwa. Ine ndinaima kumbuyo, manja m'thumba. Mkuluyo ankawerenga chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Ali pakati pa mzere wachiwiri achemwali analankhula, dzanja osaima.

"Zaka fifite ndikuwalitsa zinthu. Lero ndakwera minibasi kudzazimitsa."

Mkuluyo atati basi, tinamatula tepi pang'onopang'ono, n'kutsukanso lamba ndi mswachi. Mizere ya m'mbali inali itazima mofanana, timizere take towongoka ngati ulusi, ndipo wapakati unkayaka pakati pawo. Achemwali anamutenga, anamutembenuza uku ndi uku nthawi yaitali. Mkuluyo anawafunsa ngati tsopano aona. Anati likadali litsiro, koma ndi litsiro lopesa bwino. Pamene ine ndinkalimbana ndi tizipini tija kubwezera lamba ku wotchi, achemwali anazimiririka. Tinawapeza kuseri kwa nyumba akukwecha ketulo ya mkuluyo, mozungulira, ndi mtima wonse.

Lachisanu kunapita amayi anayi, mkazi wanga, achemwali ndi anzawo awiri amene tinawauza zochepa. Nkhuku inali yoyera. Wotchi inali m'kambale kovundikira, kokulunga m'nsalu, pamwamba pa nkhukuyo kuti mafuta asaifike. Chimene sindinaganizire n'chakuti amayi a mnyamata adzaitana anzawo kudzaona mwambo wa ku Malawi. Anadzaza pabalaza, ena ndi mafoni m'manja. Mkamwini anagwada, anafunyulula nsalu, anavala wotchi yake, anatembenuza mkono kawiri, n'kuthokoza. Mkazi wanga akuti apo ndi pamene anayambanso kupuma.

Koma hedi ndi hedi. Amayi aja anafunsa tanthauzo la mwambowo. Tanthauzo ndinali ndisanapange. Mkazi wanga anayang'ana pansi, anzake awiri anayang'ana mkazi wanga. Achemwali anakonza duku.

"Kwathu, mwamuna akamakwatira, nthawi yake imayamba yadutsa m'poto wa kuchikazi. Wotchi iyi yagona kwathu masiku asanu. Yaphunzira nthawi ya chakudya. Kuyambira lero mwana wanu sangafike panyumba mochedwa n'kumati sanaone nthawi."

Amayi a mnyamata anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana amuna awo, bambo wofatsa amene mpando wake ku kalabu ya mgodi umadziwika ndi aliyense. Anafunsa achemwali ngati mwambowo umagwiranso pa amuna amene anakwatira kalekale. Achemwali anati umagwira, kungoti umachedwerapo. Amayi aja anadzuka, anamasula okha wotchi pa mkono wa amuna awo, n'kuiponya m'poto, mu msuzi mwenimweni. Mwamwayi inali ya lamba wa labala. Inagona kwa achemwali masiku asanu, anangoipukuta ndi nsalu, ndipo nkhuku yachiwiri inachokanso m'khola langa.

Pa ukwati ndinamva ndi makutu anga amayi aja akuonetsa mwana wanga kwa abale awo a ku Kasama. Anati uyu ndi mpongozi wawo, wachokera kwa anthu a mwambo, osati ana a masiku ano ongokulira pa foni. Za kusita sanazitchulenso. Mwana wanga anagwada bwino kwambiri, ndipo podzuka sanandiyang'ane, chifukwa tonse tikanaseka.

Mkamwini ndi apongozi sachulutsa nkhani, ndipo zimenezi zimandiyenera. Panapita miyezi ingapo tisanalankhulane kupitirira moni. Loweruka lina anabweretsa mkazi wake kudzationa, n'kundipeza pageti ndikupukuta loko. Anaima chapatali, chammbali, maso ali pa mpanda wa maluwa.

"Atata, pa chotsekera cha lamba panali pokalika. Ndinakhula pa chitseko cha galimoto chaka chatha. Palibenso."

Nanenso ndinayang'ana mpanda. "Mwambo wake ndi wotero."

"Eya, mukwai," anavomera mwaulemu wa Chibemba. "Amayi sindinawauze."

"Mwachita bwino."

Anaimabe. Kenaka anafunsa ngati mwambo umalola kuti wotchi igwerenso m'poto pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Ndinamuuza kuti makolo analetsa kubwerezabwereza, chifukwa wotchi imaonda. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva za nzeru, n'kulowa m'nyumba kukapereka moni kwa apongozi ake aakazi.

Chaka chatha mkulu mnzanga wa mumpingo ankakwatitsa mwana wake, nayenso kwa Abemba, ndipo anandiitana kuti ndikakhale nawo pa zokambirana. Iyeyo anabadwira ku Malawi kwenikweni, anabwera kuno ali ndi ndevu kale. Nkhani zonse zitatha, shibukombe wawo, munthu amene sindinamuonepo, anatsokomola n'kufunsa mwaulemu ngati mnyamata aike yekha wotchi m'poto, kapena amayi adzatenga okha. Mkulu mnzangayo anatsegula pakamwa, osadziwa chimene akufunsidwa. Akazi ake anamugwira pa bondo. Mayiwo anati mnyamata aike yekha, ndi mmene ankachitira kwawo ku Ntcheu iwo ali mwana, ndipo akukumbukira bwino kuti nkhuku yake imakhala yoyera.

Ine ndinaweramira nsapato zanga. Zinali zopukuta bwino.